Msilikali wopuma amene nkhondo ikumubwererabe m'mutu: ayambire pati?

Sajeni Wopuma

Moni kwa nonse. Ndikufunsa za asilikali amene anachoka kunkhondo zaka zapitazo, thupi lili bwinobwino, koma zimene anaona sizikuwasiya. Amene munakhalapo pafupi ndi munthu wotere mukuzidziwa: chitseko chikamenyetseka iye wadziponya kale pansi, usiku amadzuka thukuta lili kamukamu, akalowa pamene pali anthu ambiri amafuna mpando woti msana ukhale kukhoma maso ali kukhomo, fungo la dizilo kapena la tayala lopsa limamulanda mawu pakamwa. Ena amamuuza kuti "iwalani, zinapita zimenezo." Ena amati "lankhulani, mtima upepuka." Malangizo awiriwa sakugwirizana, ndipo ambiri anawayesa onse osaphula kanthu.

Ndiye achite chiyani pa nthawi yeniyeniyo imene chithunzi chamubwerera? Nanga maloto? Ndipo ndi liti pamene ayenera kusiya kudzilimbitsa yekha n'kukaonana ndi achipatala? Chonde amene mukuzidziwa bwino lembani mwatsatanetsatane.

Anaphiri

A Sajeni, ndiyankha funso loyambalo, koma mumve kaye zimene zimachitika m'mutumo, chifukwa njira zonse zachokera pamenepo.

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza thupi za ngozi, ndi kena kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zochitika pamodzi ndi nthawi ndi malo ake. Munthu akakhala pakati pa moyo ndi imfa, phokoso, fungo ndi kuwala zimalembeka mwamphamvu zedi, koma kusanja kuti chinayamba n'chiti, chinatsatira n'chiti, zinatha bwanji, kumasokonekera. Nkhaniyo imasungidwa m'zidutswa zopanda deti. N'chifukwa chake fungo la dizilo likafika pamphuno, thupi silikuti "ndakumbukira," likuti "zikuchitika." Lili ngati mlonda amene anamuika pamalo ake usiku wankhondo, ndipo mpaka lero palibe amene anabwera kudzamuuza kuti aweruke.

Choncho pamene chithunzi chabwera, ntchito ndi imodzi: kuuza thupi deti ya lero. Maso akhale otsegula. Ambiri amatsinzina pofuna kuthawa, ndiye chithunzicho chimapeza malo onse. Apondetse mapazi pansi mwamphamvu, atchule mokweza dzina lake, tsiku, mwezi, chaka ndi malo amene ali. Kenako atchule zinthu 5 zimene akuona, 4 zimene khungu lake likukhudza, 3 zimene akumva m'makutu, 2 zimene akununkhiza, ndi 1 imene akulawa. Asamangoti "tebulo," anene kuti "tebulo la thabwa, mwendo umodzi wothyoka," chifukwa kufotokoza koteroko n'kumene kumadzutsa mbali ya ubongo yoganiza. Madzi ozizira kumaso amathandizanso kuchepetsa kuthamanga kwa mtima.

Pa kupuma m'pamene ambiri amalakwitsa. Anthu omuzungulira amati "pumani kwambiri," iye n'kumakoka mpweya wambiri mofulumira. Zikatero mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, munthu amamva chizungulire, zala ndi milomo zimachita dzanzi, ndipo amayamba kuganiza kuti mtima ukuima. Mantha awonjezekanso. Chofunika ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono: akoke ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, atulutse akuwerenga mpaka 6, mimba ndi imene izikwera, osati mapewa. Zimenezi ndi pafupifupi maulendo 6 pa mphindi. Apitirize kwa mphindi 3 mpaka 5. Aziyeserera kawiri pa tsiku pamene ali bwinobwino, chifukwa chinthu chimene sanachizolowere ali phee sangachikumbukire ali m'mantha.

Palinso ntchito ya pepala, ndipo imeneyi ndimaikonda kuposa zonse. Kwa masabata awiri azilemba nthawi iliyonse imene zabwera: ora, malo, chimene anamva kapena kununkhiza zisanayambe, ndi kukula kwa mantha pa sikelo ya 0 mpaka 100. Ambiri amene amati "zimangobwera zokha" amadabwa kuona kuti pali choyambitsa: kuwala kwa dzuwa likamalowa, kulira kwa injini inayake, kutentha kwa m'galimoto yotseka mawindo. Akachipeza, agawe pepala pakati, mbali imodzi alembe "nthawi ija," ina alembe "lero." Nthawi ija: fungo la dizilo, galimoto yankhondo, mfuti m'manja, utsi. Lero: fungo lomwelo, koma ndili pamalo omwetsera mafuta, m'manja muli makiyi, pali ana akudutsa. Njira yosiyanitsa kale ndi lero imeneyi ili m'chithandizo chimene akatswiri a zamaganizo Anke Ehlers ndi David Clark anakonza, ndipo imagwira ntchito ngati munthu ayang'anitsitsa zosiyanazo ndi maso ake pa nthawi imene fungolo lilipo.

Achisale

Zimene Anaphiri alemba ndi zoona, koma ndisabise: zimenezo zimadutsitsa munthu pa mphindi zovutazo, sizichiritsa. Chimene chimasunga vutoli kwa zaka 10 kapena 30 ndi kupewa. Munthu akapewa msika, filimu, anzake akale ngakhalenso ganizo lenilenilo, amapepukidwa tsiku limenelo, ubongo n'kuphunzira kuti "tapulumuka chifukwa tathawa." Mawa malo oti apewe awonjezeka, mpaka dziko lake latsala chipinda chimodzi.

Vutoli si lachilendo ndipo si umboni wa mantha. Dokotala wa ku Britain Charles Myers analilemba kale mu 1915 pakati pa asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo dzina loti PTSD, kutanthauza vuto la maganizo lobwera pambuyo pa zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a zamaganizo ku America mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha. Masabata oyamba pambuyo pa zoopsa, kudzidzimuka ndi kulota n'zachibadwa ndipo ambiri zimawathera zokha. Zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza ntchito, banja kapena tulo, nthawi yokaonana ndi achipatala yakwana. Amayang'ana magulu 4 a zizindikiro: zochitikazo kubwerera, kupewa, kusintha kwa maganizo monga kudziimba mlandu ndi kusamva chikondi, komanso kukhala tcheru mopitirira. Pali fomu yotchedwa PCL-5 ya mafunso 20, malikisi ake kuyambira 0 mpaka 80. Wopeza cha m'ma 31 kapena 33 kupita m'mwamba ayenera kuunikidwa bwino. Fomuyo si dokotala, koma kuilemba mwezi ndi mwezi kumaonetsa ngati chithandizo chikupita patsogolo.

Tsopano ku "lankhulani." Kulankhula kumene kumachiritsa kuli ndi dongosolo. Njira ya Prolonged Exposure, imene Edna Foa anakonza, imatenga maulendo 8 mpaka 15, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 90. Munthu amafotokoza chochitika choipitsitsacho kuyambira poyamba mpaka pamene anadziwa kuti wapulumuka, ngati chikuchitika tsopano, kwa mphindi 30 mpaka 45, mobwerezabwereza. Mawuwo amajambulidwa ndipo amakawamvetsera kunyumba tsiku lililonse. Zikumveka nkhanza, ndikudziwa, koma kubwerezako n'kumene kumalumikiza zidutswa zija kukhala nkhani yokhala ndi mathero.

Mbali yachiwiri ya njirayi imachitikira kunja. Amalemba zinthu 10 mpaka 15 zimene amazipewa koma zilibe ngozi yeniyeni, chilichonse achipatse malikisi a 0 mpaka 100. Amayambira pa cha 40 kapena 50, osati pa 90. Tinene kuti ndi kukhala pagulu msana uli kukhomo. Akhale pamenepo mphindi 30 mpaka 45, kapena mpaka mantha atatsika ndi theka, ndipo abwereze tsiku ndi tsiku asanakwere pa chotsatira. Zimene zimawononga ndi izi: kuchoka mantha ali pachimake, kumwa kaye mowa pang'ono kuti alimbe mtima, kukhala maso ali pa foni, kapena kuika mpeni m'thumba. Akachita zimenezi ubongo umati "ndapulumuka chifukwa cha mpeni," ndipo sunaphunzire kanthu.

Njira zina zilipo. Cognitive Processing Therapy ya Patricia Resick imatenga maulendo 12 ndipo imalimbana kwambiri ndi maganizo omangika monga "ndinayenera kudziwa" kapena "palibe munthu wodalirika." EMDR ya Francine Shapiro munthu amakumbukira kwa kanthawi kochepa kwinaku maso akutsatira chala cha mlangizi uku ndi uku, ndipo safunika kufotokoza zonse mokweza. Mu 2013 bungwe la WHO linavomereza EMDR pamodzi ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo. Kwa msilikali amene anaona zoopsa zambirimbiri, osati chimodzi, pali Narrative Exposure Therapy ya Maggie Schauer, Frank Neuner ndi Thomas Elbert, imene inayesedwa pakati pa othawa nkhondo ku Uganda. Amayala chingwe pansi kuimira moyo wonse kuyambira kubadwa, pa zochitika zabwino amaika maluwa, pa zoopsa amaika miyala, mbali ya chingwe yotsala amaisiya yokulunga kuimira zam'tsogolo. Kenako amadutsa mwala umodziumodzi motsatira zaka, mlangizi akulemba, mpaka mbiri yonse italembedwa.

Chenjezo: m'maulendo oyambirira maloto ndi kukwiya nthawi zina zimawonjezeka, ndipo ambiri amathawira pamenepa akuganiza kuti chithandizo chawawononga. Auzeni zimenezi asanayambe. Ndipo mbali yofotokoza choipitsitsayo asaichite yekha usiku, kapena pagulu pamene aliyense akupikisana kufotokoza za magazi. Magulu a asilikali anzake ndi abwino pochotsa kusungulumwa, koma akhale ndi lamulo loti tsatanetsatane wa imfa apite kwa mlangizi. Posankha mlangiziyo, mufunseni kuti akugwiritsa ntchito njira iti, maulendo angati, ndipo adziwa bwanji kuti zikuyenda. Amene wakhala nanu chaka chonse osakhudzako chochitikacho sakukuthandizani pa vuto limeneli.

Namwino wa Usiku

Ine ndilowe pa tulo ndi mankhwala.

Maloto obwerezabwereza ali ndi njira yake yotchedwa Imagery Rehearsal Therapy. Imachitika masana, osati pogona. Munthu asankhe loto limodzi, ayambe ndi losaopsa kwambiri. Alilembe mwachidule, kenako alisinthe mmene akufunira: galimoto imene imaphulika ija ikhotere msewu wina, kapena mnzake amene amamuitana uja afike n'kukhala naye pansi. Zisinthe kwenikweni, zikhale ndi mitundu, mawu ndi fungo lake. Aziliona m'maganizo loto latsopanolo mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse kwa masabata angapo. Cholakwika chofala ndi kubwereza loto lakalelo m'malo mwa latsopano, kapena kufuna kusintha maloto 5 nthawi imodzi.

Akadzidzimuka usiku ayatse nyale, akhale tsonga, atchule deti monga Anaphiri anenera, asinthe malaya ngati anyowa. Pakatha mphindi 20 tulo osabwera, achoke pabedi, akakhale pena powala pang'ono mpaka ayambe kusinza. Akakakamira pabedi, thupi limayamba kudziwa bedi ngati malo a ulonda. Nthawi yodzuka m'mawa ikhale imodzimodzi ngakhale usiku unali woipa. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu asiye kuyambira masana, poti theka la caffeine limakhala likadali m'magazi pakatha maola 5 kapena 6. Kwa akazi awo kapena amuna awo: munthu amene akulota nkhondo musamugwedeze kapena kumuweramira. Imani cha kumiyendo kwa bedi, muyatse nyale, mumuitane dzina modekha.

Mowa umagonetsa msanga, n'chifukwa chake ambiri amaukhulupirira. Koma umapondereza gawo la tulo lolota kumayambiriro kwa usiku, ndiye ukamatha m'magazi m'bandakucha malotowo amabwera mwamphamvu kuposa kale. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha. Akhoza kugwa ngati wakhunyu mkati mwa masiku awiri oyamba, ndipo cha pa tsiku lachitatu akhoza kusokonezeka mutu moika moyo pachiswe. Kusiya kotereku kumafuna achipatala.

Mankhwala amene ali ndi umboni pa PTSD ndi sertraline, paroxetine ndi venlafaxine. Sertraline dokotala amayambitsa pa 25 kapena 50 mg pa tsiku ndipo akhoza kukweza mpaka 200 mg. Masiku oyamba amabweretsa mseru ndi kusakhazikika, phindu lake limayamba kuoneka pakatha masabata 4 mpaka 6 kapena kuposerapo. Ambiri amasiya sabata yachiwiri akuti sakugwira ntchito. Ena amawasiya chifukwa achepetsa chilakolako cha m'banja koma osamuuza dokotala, chonsecho akanatha kuwasinthira. Osawasiya mwadzidzidzi, makamaka paroxetine ndi venlafaxine. Diazepam ndi abale ake, mankhwala ogonetsa ndi okhazikitsa mtima pansi, ndimawakana ndi mtima wonse pa vuto limeneli: munthu amawazolowera msanga, sachiritsa PTSD, ndipo akaphatikizana ndi mowa akhoza kuimitsa kupuma. Prazosin amaperekedwa pa maloto, kuyambira 1 mg usiku, ndipo amachititsa chizungulire poimirira chifukwa amatsitsa kuthamanga kwa magazi. Ena amawathandiza, koma kafukufuku wamkulu wa mu 2018 pa asilikali opuma 304 ku America sanapeze kusiyana ndi mapiritsi opanda mankhwala.

Dokotala aunikenso zina zimene zimafanana ndi PTSD kapena kuikulitsa. Mefloquine, amene asilikali ambiri anapatsidwa popewa malungo, amatha kubweretsa maloto oopsa ndi nkhawa, ndipo mu 2013 anaikidwa chenjezo lalikulu ku America. Efavirenz, mankhwala a HIV, nayenso amalotetsa. Wokhala pafupi ndi bomba pophulika akhoza kukhala ndi vuto la ubongo logwedezeka: mutu kuwawa, kuiwala, kulira m'makutu. Ndipo woliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo ayezedwe, chifukwa kubanikako kumadzutsa munthu mtima ukuthamanga ngati walota zoopsa.

Sajeni Wopuma

Zikomo nonse, izi n'zogwirika. Koma pali ena amene vuto lawo si mantha. Ndi zimene anachita okha, kapena mnzawo amene analephera kumupulumutsa. Amenewa kupuma pang'onopang'ono sikuwakhudza n'komwe. Ndipo ambiri a iwo kuchipatala amakaniratu.

Abusa a Asilikali

A Sajeni, mwakhudza pamene pali bala lenileni. Jonathan Shay, dokotala amene anagwira ntchito ndi asilikali obwera ku Vietnam, analitcha moral injury, ndipo Brett Litz ndi anzake analifotokoza mokwanira mu 2009. Ndi bala la chikumbumtima: munthu anachita, anaona, kapena analamulidwa kuchita chimene mumtima mwake amadziwa kuti n'choipa, kapena anagwiritsidwa mwala ndi akuluakulu amene ankawadalira.

Mawu akuti "sunali mlandu wanu" musafulumire nawo. Iye analipo, inu kunalibe, ndipo akangomva zimenezo amadziwa kuti simukufuna kumva zonse. Choyamba ndi kusiyanitsa. Alembe zimene ankadziwa pa mphindi imeneyo, osati zimene anadziwa pambuyo pake. Anali ndi masekondi angati? Ankaona mpaka pati? Anagona maola angati sabata imeneyo? Njira zimene zinalipodi zinali ziti? Ambiri amadziweruza ndi njira imene anaiganiza patatha zaka 5 ali pampando. Kenako ajambule bwalo, aligawe kwa onse amene anali ndi mbali: amene anatchera bomba, amene anapereka lamulo, wailesi imene inafa, mdima. Gawo lake alembe pomaliza. Nthawi zambiri chimene chimatsala ndi chisoni, ndipo chisoni chimafuna kulira maliro amene sanalire: kulembera kalata mnzake womwalirayo, kukumbukira tsikulo pamodzi ndi ena m'malo mokhala yekha.

Koma ena anachitadi choipa, ndipo kuwanamiza ndi kuwanyoza. Amenewa amafunika munthu wokhoza kumva nkhani yonse osathawa komanso osaichepetsa, kenako njira yobwezera: kuulula kwa mtsogoleri wa chipembedzo chawo ngati ali opemphera, kupepesa pamene n'kotheka popanda kuvulaza wina, kugwira ntchito yothandiza anthu kwa nthawi yaitali. Njira ya chingwe ija ili ndi mtundu wake wa omenya nkhondo wotchedwa FORNET, umene unayesedwa kum'mawa kwa DR Congo, ndipo pambali pa maluwa ndi miyala amaikaponso timitengo toimira nkhanza zimene munthu anachita yekha. Asanaulule, afunse mlangizi kuti chinsinsi chimalekezera pati, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko.

Gulu limeneli ndi limene ndimaliopera kwambiri za kudzipha. Funsani mosazungulira: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika ganizolo m'mutu. Akayamba kugawa katundu, kutsanzika, kunena kuti banja lingapepukidwe iye atachoka, kapena kukhala phee mwadzidzidzi pambuyo pa masabata ovuta, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'nyumba muli mfuti, ichoke, isungidwe kwina movomerezeka ndi lamulo. Zikakanika, itsekeredwe yopanda zipolopolo ndipo kiyi akhale ndi wina. Mankhwala ochuluka komanso poizoni nazonso zichoke. Nthawi imene munthu amafunitsitsa kudzipha kawirikawiri imakhala yaifupi, ndiye chilichonse chomuchedwetsa chimapulumutsa moyo. Alembe pa khadi, ali bwino, zizindikiro zake zochenjeza, zimene angachite payekha, malo ndi anthu omuchotsa maganizo, anthu oti awaimbire, ndi nambala ya chipatala.

Za mkwiyo panyumba: agwirizane ndi banja mawu amodzi oimitsira mkangano. Akatchulidwa, achoke kwa mphindi 30, ayende pansi, asayendetse galimoto, asamwe, ndipo abwerere kudzamaliza nkhaniyo. Akayamba kumenya, chitetezo cha mkazi ndi ana chikhale patsogolo. PTSD si chilolezo.

Achisale

Pa okana kuchipatala, a Sajeni, musayambe ndi mawu oti "mukudwala maganizo." Yambani ndi tulo. Msilikali amene sangavomere kuti ali ndi mantha amavomera kuti sakugona, ndipo dokotala wamba akhoza kuyambira pamenepo n'kumufunsa mafunso 5 a fomu yaifupi yotchedwa PC-PTSD-5. Womuperekeza akhale msilikali mnzake ngati n'kotheka, ndipo mumuuze zoona zake kuti chithandizochi chili ndi mathero, pafupifupi miyezi itatu, osati moyo wonse. Amene safuna kulankhula pamaso pa munthu afunse za Written Exposure Therapy ya Denise Sloan ndi Brian Marx: maulendo 5 okha, ulendo uliwonse amalemba chochitikacho kwa mphindi 30 ali kwa mlangizi, ndipo palibe ntchito yokachitira kunyumba. Tsiku lopitalo atenge pepala la masabata awiri limene Anaphiri anena, mndandanda wa mankhwala onse amene akumwa, ndi kuchuluka kwenikweni kwa mowa umene amamwa pa sabata.